Dzina lomwe linapulumuka ndale: mbiri ya FAM ndi timu ya Flames

Pa 15 Okutobala 1962 timu ya Nyasaland inalandira alendo ochokera ku Ghana, ndipo mmene woimbira ankaliza wenzulo yomaliza n'kuti eni bwalo atamwa zigoli 12 osabwezako n'chimodzi chomwe. Mpaka lero palibe timu ina yomwe inatikwapulapo chotere. Alendowo anatiposa pa luso ndi pa makonzekeredwe, komanso anabwera ndi kanthu kena komwe ife tinalibe: dzina lawolawo. Ankatchedwa Black Stars. Athuwa anali anyamata otoledwa m'makalabu osiyanasiyana, oimira dziko lomwe ngakhale dzina lake linali lochita kupatsidwa ndi atsamunda.

Dzina la anyamata a ku Ghana silinali lotola m'njira. Nyenyezi yakuda ili pakati pa mbendera yomwe dzikolo linakweza litalandira ufulu mu 1957, ndipo mizu yake imafika kwa Marcus Garvey, Mjamaica yemwe mu 1919 anayambitsa kampani ya sitima zapamadzi yotchedwa Black Star Line, pofuna kulumikiza anthu akuda a ku America ndi kwawo ku Africa. Kwame Nkrumah anaona kuti mpira ungathe kulalikira ufulu wa munthu wakuda kuposa msonkhano uliwonse wandale. Anaika Ohene Djan kuti aziyendetsa zamasewero, natumiza timuyo m'maiko omwe anali akadali pansi pa atsamunda kuti anthu adzionere okha zomwe dziko lodzilamula lingachite. Chaka chotsatira, mu 1963, Black Stars inatenga chikho cha Africa, n'kudzachitenganso mu 1965. Asilikali atachotsa Nkrumah pampando mu 1966 dzinalo silinagwe naye, chifukwa silinali lake. Linali la mbendera.

Chaka chomwecho cha 1966 ndi chomwe bungwe la Football Association of Malawi, lomwe tonse timangoti FAM, linakhazikitsidwa. Mpira wokha unali utakhala kale m'dziko muno. Unalowera m'masukulu a mishoni ndi m'makalabu a azungu, ndipo monga zinthu zambiri za nthawi ya atsamunda, unkayendetsedwa motsata khungu: azungu ndi bungwe lawo, anthu akuda ndi lawo. Dziko litalandira ufulu mu 1964 panafunika bungwe limodzi loti lizilankhulira dziko lonse. Posakhalitsa FAM inalowa m'mabungwe a FIFA ndi CAF. Mu Julayi 1968 timu ya dziko inaswa Botswana 8-1, ndipo panapita zaka 40 isanagoletsenso zigoli zotere.

Dziko latsopano lili ndi bungwe, lili ndi timu, lili ndi mbendera. Nanga timuyo izitchedwa chiyani?

Mayina oti n'kusankhapo analipo ambiri. Pa chidindo cha boma pali mkango, kambuku ndi nkhwazi, nyama zomwe maiko ena a mu Africa anazithamangira. Panalinso tambala wakuda wa chipani cha Malawi Congress Party, ndipo tisaganize kuti kutcha timu ya dziko ndi chizindikiro cha chipani kukanakhala kwachilendo. Ku Guinea anachita zimenezo. Timu yawo mpaka lero ndi Syli National, ndipo syli m'chilankhulo cha Chisusu ndi njovu, chizindikiro cha chipani cha Sékou Touré. Ku Zaire, Mobutu Sese Seko, yemwe sankaoneka pagulu wopanda chipewa cha chikopa cha kambuku, anali ndi timu yotchedwa Leopards, akambuku. Pafupi pompa, ku Zambia, sanavutike n'kufunafuna nyama. Timu yawo inkatchedwa KK XI, anyamata 11 a Kenneth Kaunda, ndipo ambiri amati amene anayambitsa dzinalo ndi Dennis Liwewe, katswiri wolengeza mpira pa wailesi yemwe anabadwira kuno ku Malawi.

Tsono kumbukirani mmene zinthu zinalili kuno. Mu 1966 Malawi anakhala dziko la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 Dr Hastings Kamuzu Banda anakhala Pulezidenti wamuyaya. Dzina lake linamatidwa paliponse pomwe panali khoma: chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, bwalo la ndege, msewu waukulu wa Blantyre ndi Limbe, sukulu ya ku Mtunthama, damu, mlatho, malo a asilikali. Bwalo lenilenilo lomwe timu ya dziko inkasewerapo ku Chichiri, lomwe poyamba linali Rangeley Stadium, linasanduka Kamuzu Stadium. Ndani akanatsutsa wina akanadzuka n'kunena kuti timu ya dziko izitchedwa Kamuzu XI kapena Ngwazi Boys? Palibe akanatsegula pakamwa. Koma timuyo inakhala Flames, ndipo ineyo ndimaona kuti pa zinthu zonse zomwe FAM inalandira kuchokera ku zaka zimenezo, dzinali ndilo lakhalitsa kopambana.

Mphamvu yake ili poti silinena za nyama, chipani kapena munthu. Limangobwereza dzina la dziko. Malawi ndi malawi a moto, ndipo Flames ndi mawu omwewo m'Chingerezi, kotero kuti nyuzipepala zakunja zikamalemba kuti Malawi Flames zimakhala zikunena chinthu chimodzi kawiri osadziwa. Dzina la dzikolo linachokera kwa Amaravi, omwe ufumu wawo, pansi pa Kalonga wa fuko la Phiri, unali ndi likulu lake ku Mankhamba ndi ku Manthimba, kumunsi kwa nyanja. Akatswiri a mbiri amalongosola za motowo mosiyana. Ena amati ndi kuwala kwa ng'anjo zosungunulira chitsulo komwe kunkaoneka usiku kuchokera kutali. Ena amati ndi moto wa lupsa wa m'chilimwe, pamene ena amaloza kunyezimira kwa dzuwa pa madzi a m'nyanja m'mamawa. Chomwe onse amagwirizana n'chakuti kwa Aphiri moto unali chizindikiro cha ufumu. Dzinali linabwereranso pakamwa pa anthu mu 1959, boma la atsamunda litaletsa Nyasaland African Congress, pamene Orton Chirwa ndi anzake anayambitsa chipani chatsopano nachitcha Malawi Congress Party. Patatha zaka zisanu linakhala dzina la dziko, ndipo dzuwa lofiira lotuluka linaikidwa pa mbendera.

Pali kanthu kena kosangalatsa kwa munthu wodziwa nthano ya ku Kaphirintiwa. Kale, imatero nthanoyo, Chauta, anthu ndi nyama ankakhala limodzi mwamtendere, kufikira tsiku lomwe munthu anapeka moto ndi timitengo tiwiri n'kuyatsa tchire. Nyama zonse zinathawa, kupatula galu ndi mbuzi zomwe zinathamangira kwa munthu. Ndiye taonani matimu omwe timakumana nawo: mikango ya ku Cameroon, Senegal ndi Morocco, njovu za ku Côte d'Ivoire, mbidzi za ku Botswana, mamba za ku Mozambique, ng'ona za ku Lesotho, mphalapala zakuda za ku Angola. Mpira wa mu Africa ndi nkhalango yodzaza nyama, ndipo ife tinalowamo titanyamula chinthu chokhacho chomwe nyama zonse zimaopa. Zikanakhala kuti pabwalo zimayendanso chomwecho, bwenzi nyumba ya FAM ku Chiwembe itadzaza zikho.

Komabe panali nthawi yomwe dzinali linkaopedwa ndithu. Mu 1978 Malawi anachititsa mpikisano wa maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa, womwe lero timautcha CECAFA, ndipo motsogozedwa ndi mphunzitsi Ted Powell wa ku Mangalande, Flames inagonjetsa Zambia 3-2 mu ndime yotsiriza. Kwa Mmalawi wa nthawi imeneyo kugonjetsa Zambia kunali kokoma kuposa kugonjetsa wina aliyense, pakuti anthu a mbali ziwirizi ndi apachibale, amamverana wailesi, ndipo ubale wa maboma awo sunali wabwino kwenikweni. Chaka chotsatira anakateteza chikhocho ku Kenya, n'kugonjetsa eni dziko, Harambee Stars, 3-2 pamaso pa anthu awo. Iyi ndi timu ya Kinnah Phiri, yemwe zigoli zake 71 zomwe anagoletsera dziko palibe anazifikapo, ya Jack Chamangwana kumbuyo, ya Boniface Maganga pagolo. Amene analipo akamakamba za anyamata amenewa satchula kuti timu ya dziko. Amati ma Flames a 78, ngati akutchula chiwongo.

Mu 1984 FAM inatumiza timu ku mpikisano wa chikho cha Africa kwa nthawi yoyamba, ku Côte d'Ivoire. Anagonja 3-0 ndi Algeria komanso 1-0 ndi Ghana, zomwe poyerekeza ndi 1962 zinali ngati chipambano. Masewero apakati ndiwo amawawabe. Malawi anatsogola 2-0 pa Nigeria, zigoli za Harry Waya ndi Clifton Msiya, koma asanapite kokapuma Clement Temile anabweza zonse ziwiri. Nthawiyo timu ya Nigeria inkatchedwa Green Eagles, ndipo isanatero inali Red Devils, dzina lomwe analitaya dziko litalandira ufulu. Mu 1987 Flames inabwera ndi mendulo ya malo achitatu kuchokera ku masewero a All-Africa Games ku Nairobi itagonjetsa Cameroon 3-1, dziko lomwe linatenga chikho cha Africa mu 1984 ndi mu 1988. Chaka cha 1988 chinabweretsa chikho chachitatu cha CECAFA, pakhomo, ndipo ogonja anali a Zambia omwe aja. Musaiwale kuti KK XI ya chaka chimenecho inali itangoswa Italy 4-0 ku masewero a Olimpiki ku South Korea, Kalusha Bwalya atagoletsa zitatu.

Kenako mphepo ya ndale inatembenuka, ndipo apa m'pamene mayina anayesedwa. Kaunda anagonja pa chisankho cha 1991, ndipo timu sikanapitiriza kunyamula dzina la munthu yemwe anthu anali atangomukana. Pa 27 Epulo 1993 ndege ya asilikali yomwe inanyamula timu ya Zambia pa ulendo wa ku Senegal inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville, m'dziko la Gabon. Anthu onse 30 anafa, 18 mwa iwo osewera. Timu yomwe inamangidwa pambuyo pa maliro amenewo ndi yomwe dziko lapansi linaidziwa ndi dzina loti Chipolopolo, mawu omwe ife sitifuna wotimasulira, ndipo amakumbutsanso za mkuwa womwe chuma cha Zambia chimadalira. Chisanathe chaka chimodzi anafika mu ndime yotsiriza ya chikho cha Africa ku Tunisia, komwe anagonja 2-1 ndi Nigeria. Mu 2012 anakatenga chikhocho ku Libreville komweko, atagonjetsa Côte d'Ivoire 8-7 pa mapenate. Lero palibe Mzambia angalole kuti dzinalo lisinthidwe. Linagulidwa ndi misozi.

Ku Zaire, Mobutu atathawa mu 1997, Laurent Kabila anasintha dzina la dziko, mbendera ndi dzina la timu lomwe. Akambuku anasanduka Simba, mikango m'Chiswahili, chilankhulo cha kum'mawa komwe iye ankachokera. Anthu a ku Kinshasa sanalizolowere, ndipo mu 2006 Leopards inabwerera.

Kuno nako mayina anagwedezeka. Pambuyo pa referendamu ya 14 Juni 1993 ndi chisankho cha 17 Meyi 1994, dzina la Kamuzu linayamba kufufutidwa. Kamuzu Stadium inakhala Chichiri Stadium, msewu waukulu uja unapatsidwa dzina la Masauko Chipembere, bwalo la ndege ndi chipatala za ku Lilongwe zinayamba kutchedwa ndi dzina la mzindawo. Bingu wa Mutharika atalowa m'boma mu 2004 ena mwa mayinawo anabwerera, ndipo bwalo la ku Chichiri linakhalanso Kamuzu Stadium. Ngakhale mbendera sinapulumuke: mu 2010 dzuwa lofiira lotuluka linachotsedwa n'kuikapo dzuwa loyera lathunthu, kenako mu 2012 mbendera yakale inabwezeretsedwa. Makalabu ndiye osanena. Bullets yakhalapo ya Bata, ya Total, ya Nyasa, ndipo kwa kanthawi inali Bakili Bullets, dzina la yemwe anali Pulezidenti, ndipo ndi dzina limeneli inafika mu ndime ya magulu ya CAF Champions League mu 2004. Wanderers yayendapo ndi Yamaha, Limbe Leaf, MTL, Be Forward ndi Mukuru. Masapota anadziwa kale kuti mayina apakalata amabwera ndi ndalama n'kupita nazo, n'chifukwa chake amasunga awoawo, Maule ndi Manoma. M'zaka zonsezi palibe boma lomwe linakhudza dzina la Flames. Kuti ulisinthe uyenera kuyamba wasintha dzina la dziko.

Sikuti dzinali lilibe chilema. Choyamba, ndi la Chingerezi. Anzathu ambiri amaitana matimu awo m'zilankhulo zawo: Taifa Stars ku Tanzania ili ndi theka la Chiswahili, Amavubi a ku Rwanda ndi mavu, Sihlangu ya ku Eswatini ndi chishango, Barea ya ku Madagascar ndi mtundu wa ng'ombe za kumeneko, ndipo Likuena za ku Lesotho ndi ng'ona zija. Gogo wa kumudzi womvera mpira pa wailesi amati Fulemuzi, ndipo si aliyense amene amadziwa kuti akutchula dzina la dziko lake. Koma pali chifukwa chomveka. M'Chichewa dzina la dziko ndi dzina la timu zikanakhala mawu amodzi, ndipo wolengeza mpira akanasowa posiyanitsira. Komanso m'dziko la Atumbuka, Ayao, Alomwe, Asena, Atonga ndi Angonde, momwe nkhani ya chilankhulo inasiya mabala kuyambira 1968 pomwe Chichewa chinakwezedwa n'kukhala chilankhulo cha dziko ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi, dzina la Chingerezi linali losakondera mbali. Kinnah wa ku Karonga ndi mnzake wa ku Ndirande ankalivala mofanana.

Chilema chachiwiri n'chakuti moto umazima, ndipo atolankhani amadziwa zimenezo. Kuyambira 1989 mpaka 2008 dzinali linali chida chonyozera. Timu ikagonja mitu ya nkhani inkangonena za phulusa, utsi ndi makala ozizira. Kufika mu ndime yotsiriza ya chikho cha COSAFA mu 2002 ndi 2003, n'kugonja ndi South Africa kenako Zimbabwe, sikunatonthoze anthu. Maiko ena zikafika pamenepa amathamangira kusintha dzina ngati kuti ndilo limasewera. Cameroon itagonja mu ndime ya matimu anayi pa mpikisano womwe inachititsa yokha mu 1972, boma la Ahmadou Ahidjo linawonjezera mawu pa dzina la mikango yake kuti ikhale mikango yosagonjetseka. Nigeria inakweza ziwombankhanga zake kuchoka pa Green kufika pa Super mu 1988. Benin, yomwe kwa zaka zambiri inkatchedwa agologolo, inatopa ndi kusekedwa ndipo mu 2022 inasankha Guépards, nyama yaliwiro ija yofanana ndi kambuku. FAM sinayese njira imeneyo. Zomwe zinasintha ndi zina: mu 2008, pansi pa utsogoleri wa Walter Nyamilandu yemwe anayendetsa bungweli kuyambira 2004 mpaka 2023, timu inapatsidwa kwa Kinnah Phiri ngati mphunzitsi. Djibouti inamwa 8-1. Egypt, yomwe inali ndi chikho cha Africa m'manja, inagwa 1-0 pa Kamuzu Stadium ndi chigoli cha Chiukepo Msowoya chakumapeto. Akambuku a ku Congo, Zaire yakale ija, anagonja 2-1. Mu Januwale 2010 ku Luanda, Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda anamwetsa Algeria zigoli zitatu, timu yomwe inali pa ulendo wa ku World Cup, n'kubweza ngongole ya 1984 ndendende. Panapitanso zaka 12 kuti Flames ibwerere ku mpikisanowu, ku Cameroon, komwe inafika mu ndime ya matimu 16 ndipo Gabadinho Mhango anaponya mpira kuchokera kutali n'kudutsa goloboyi wa Morocco, Yassine Bounou, ngakhale kuti mikango ya ku Morocco inapambana 2-1.

Nkhani ya South Africa ndi yomwe akuluakulu a FAM ku Mpira Village ayenera kuidziwa bwino, chifukwa imaonetsa kuti dzina ndi katundu. Dzikolo litaloledwanso mu FIFA mu 1992, atolankhani a nyuzipepala ya Sowetan anayamba kutcha timu yatsopanoyo Bafana Bafana, anyamata anyamata, poti inalidi yosakhwima: Zimbabwe inaipatsa zinayi, Nigeria zinayinso. Bungwe la SAFA silinalikonde dzinalo poyamba ndipo silinalilembetse msanga. Kampani ina ya zovala, Stanton Woodrush, inalilembetsa mu 1993. Timu itatenga chikho cha Africa mu 1996 dzinalo linasanduka chuma, SAFA inapita kukhoti, inagonja mu 2002, ndipo mu 2011 inachita kugula dzina la timu yake yomwe ndi ndalama zokwana 5 miliyoni za rand. Pakati pa zonsezi Thabo Mbeki ananenapo mu 2007 kuti abambo oimira dziko sayenera kumatchedwa anyamata. Anthu anamumvera mwaulemu n'kupitiriza kuimba Bafana Bafana.

Kumene FAM inasinthadi dzina ndi ku mpira wa amayi. Kwa zaka zambiri timu yawo inkatchedwa She-Flames, monga a ku Zambia ankatchedwa She-polopolo, mayina omwe ankaonetsa poyera kuti timu yeniyeni ndi ya abambo ndipo amayi angobwereka. A ku Zambia anakhala Copper Queens. Kuno dzina la Queens linali kale ndi eni ake, atsikana a mpira wamanja omwe ali ndi bungwe lawo ndipo akhala akutchukitsa dziko kuposa timu ina iliyonse. Choncho a mpira wamiyendo anakhala Scorchers, owaula, dzina lomwe silinachoke pa moto koma silidalira la abambo. Mu Okutobala 2023 ku Pretoria, motsogozedwa ndi mphunzitsi Lovemore Fazili, Scorchers inagonjetsa Zambia 2-1 n'kutenga chikho cha COSAFA, ndipo Temwa Chawinga ndiye anagoletsa zigoli zambiri pa mpikisano wonsewo. Chikho cha COSAFA cha abambo, chomwe chinayamba mu 1997, Flames sinachitengepo.